Anulani nandoloyo, alamu

Anthu awiri anandiuzapo kuti ine ndi anthu akwathu sitingamve filimu. Woyamba anali mphunzitsi wa kukoleji, wovala mpango m'khosi dzuwa likuswa mtengo. Wachiwiri anali mwini vidiyo wa pa Migowi, amene sachotsa kamtengo ka machesi pakamwa. Awiriwa sangadyere mbale imodzi, mwina ndi moni yemwe sangapatsane, koma pa nkhani ya ife anagwirizana ngati mapasa. Ndiye ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera, ndi sukulu yanga yomwe inathera sitandade sikisi, kuti wofuna kunditsutsa atsutse zolembedwa.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti mafilimu omenyana ndimawakonda. Tsiku la msika pa Migowi, ndikagulitsa makaka anga, chinangwa chouma chija, n'kutsala ndi nthawi ndisanapeze njinga yobwerera ku Nkhulambe, ndimalowa m'vidiyo. Ndimakhala pa benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko pomwe pamalowa kamphepo. Mukudziwa mmene zimakhalira. Mzungu kapena Mtchaina akuyankhula zakwawo, koma pamwamba pake pali mawu a womasulira, munthu wathu, amene amamuika mawu m'kamwa. Mtchaina akulumpha mpanda, womasulira akuti, "Uyu wathawa therere la apongozi." Timaseka mpaka misozi. Sindinalapepo tchimo limeneli chifukwa sindinalionepo ngati tchimo. Zamanyazi zikayamba ndimatuluka, basi.

Ana ndili nawo anayi, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti onse ali moyo. Wachiwiri, wamkazi, ndiye anapita patali ndi sukulu. Anachoka pakhomo ali wamng'ono kupita kusekondale yogonera komweko, kenako kukoleji kutauni, komwe anaphunzira kujambula mafilimu. Pakhomo ankangofika pa holide, ngati mlendo amene timamuphera nkhuku.

Chaka china m'nyengo yozizira, nandolo atauma m'minda, anatulukira ndi kamera ndi chitsulo cha miyendo itatu choimikirapo kamerayo. Anati akufuna kujambula bambo ake. Bambo akewo anali munthu wa mawu ochepa. Anachokera ku Jenala kudzakwatira kwathu, ndipo Chilomwe chawo chinkatuluka bwino pawiri pokha, akamapemphera ndi akamakalipira mbuzi. M'mawa wotsatira anatuluka m'nyumba atavala jekete lawo la Lamulungu.

"Ababa, kavuleni jekete," anatero mwanayo.

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Musachite kalikonse. Muzingochita zomwe mumachita."

"Tsono ziti, ndisachite kapena ndichite?"

"Mungoiwala kuti ndilipo."

"Ndikuiwale bwanji iwe, mbuzi zanga zinathera pa sukulu yako?"

Anavula jekete koma akung'ung'udza. Masiku oyamba ankayenda ngati ameza mpini wa khasu. Kenako ntchito inawachulukira, anaiwaladi. Mwanayo anawatsata milungu itatu, kumunda, pabwalo, pamsewu akukankha njinga. Ine ndinkangomuona ataima pamalo amodzi nthawi yaitali, diso pa kamera, pamene palibe chimene chikuchitika, ndipo ndinkati kaya ndi zimene amaphunzira.

Chaka chotsatira bambowo anagwa m'munda ndi matenda othamanga magazi. Pofika kuchipatala anali atatisiya.

Patapita miyezi mwanayo anaimba foni kuti filimu yatha, ionetsedwa kutauni, ndipite. Ndinakwera minibasi pa Migowi nditavala chitenje changa chatsopano. Holo yake inali yozizira ngati m'chipatala, mipando yofewa, anthu onunkhira bwino. Magetsi atazima pansalu panatuluka chitseko cha nyumba yanga, chotseka. Ndinadikira. Chitseko chili chotsekabe. Tambala akulira penapake, koma chitseko osatseguka.

"Makina afa?" ndinanong'oneza mwanayo.

Ananditsina pantchafu.

Kenako chitseko chinatseguka, bambo ake anatuluka akukanda mutu, amoyo, malaya awo ong'ambika paphewa omwe ndinali nditawauza kangapo kuti andipatse ndisoke. Zomwe zinandichitikira mumtima sindilemba. Ndingonena kuti filimuyo inalibe nyimbo, inalibe wofotokoza, mawu onse a anthu mukanawasonkhanitsa sakanadzaza kapu. Munkamveka nkhuku, tcheni cha njinga, ndodo ikupuntha nandolo, ndi kupuma kwa munthu wogwira ntchito. M'holo monse munali zii. Munthu akatsokomola anzake ankamucheukira.

Chapakati pa filimu pali pamene bambowo ayanika nandolo pa mphasa zitatu pabwalo. Akamaliza amaimirira, kutifulatira, n'kuyang'ana kuphiri. Amaima pamenepo nthawi yaitali kwambiri, osasuntha. Kuphiriko mtambo ukutsika pang'onopang'ono. Kenako amakhala pansi n'kuyamba kusoka thumba. Mayi aliyense wa kwathu akanadziwa chimene ankayang'ana. Chinali chiperoni, kamvula kowaza kamene kamabwera ndi nkhungu m'nyengo yozizira kuchokera cha ku Mozambiki. Nandolo wouma akanyowa nako amafufuma, amachita chuku, amada, ndipo mavenda pa Migowi amangomugwira ndi zala ziwiri n'kukupukusira mutu. Ntchito ya chaka chonse inali pa mphasa zitatu zija.

Filimu itatha anthu anaomba m'manja mwaulemu. Panja ndi pomwe mphunzitsi wa mpango uja anadzandipatsa moni. Sindimunamizira, anali waulemu, anagwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Amayi, mwana wanu wapanga chinthu chozama. Musadandaule ngati zina simunazitsate. Mafilimu amtunduwu si a munthu wamba. Amafuna diso lophunzitsidwa. Kumudzi anthu amafuna zomenyana ndi zoseketsa, si mlandu wawo ayi."

"Zikomo, bambo," ndinatero.

"Taonani pamene malemu akuyang'ana phiri. Pamene paja munthu waima yekha pamaso pa imfa yake. Akutsanzika dziko osadziwa. Ine ndinalira."

"Zikomo, bambo."

Kawiri konse ndinati zikomo. Ndinali ndi yankho pakamwa, koma ndinayang'ana nsapato zake, ndinayang'ana zanga, ndinameza. Mpaka lero ndikakumbukira zikomo ameneyo ndimamva kutentha kumaso.

M'mawa mwake mwanayo akundiperekeza kudepoti ndinamufunsa kuti filimuyo adzaionetsa liti kwathu.

"Amayi, mwamva zomwe anena dzulo. Kumudzi akangogona. Kapena akawaseka ababa. Zimenezo ine sindingapirire."

"Ndiye bambo ako azikhala m'chikwama chako ngati chitupa?"

"Si choncho."

"Ndi choncho. Anthu amene sanawapatsepo ngakhale moni awaona. Amene anakumba manda awo sanawaone. Azakhali ako ku Jenala alibe ndi chithunzi chomwe cha mlongo wawo."

Anayang'ana kumbali. Ndinaona kuti si kunyada, ndi mantha. Mwana wanga ankaopa anthu akwawo. Ankakhulupirira kuti ntchito ya manja ake ndi ya alendo, kuti kwawo ingakhale choseketsa. Mwana akafika pamenepo, ngakhale azibwera pa Khirisimasi ndi shuga, wachoka. Bambo ake ndinali nditaika kale m'manda. Sindinafune kuti ndi mwanayo yemwe andichokere ndili maso.

Ndinamuvutitsa pa foni mpaka anabwera. Tinayamba ndi mwini vidiyo wa pa Migowi, poti ndiye anali ndi makina ndi mabenchi, komanso amandidziwa. Tinamupeza m'mawa asanatsegule. Analowetsa kafulashi kathu kosungiramo filimuyo m'makina, chitseko changa chinatuluka. Anadikira pang'ono, n'kuthamangitsa filimu kutsogolo. Bambo akupuntha nandolo. Anathamangitsanso. Bambo akukankha njinga.

"Amayi, mdalayu amenyedwa nthawi yanji?"

"Samenyedwa."

"Amenya ndi iyeyo?"

"Akumenya nandolo, simukuona?"

Anaseka, kamtengo ka machesi kakugwedezeka pakamwa. "Achemwali, mwajambula bwino, zithunzi zake n'zoyera. Koma izi anthu anga sangakhalire. Pokhapokha tiikemo mawu. Ndili ndi mlamu wanga pa shopu yoika nyimbo m'mafoni, amamasulira bwino kuposa a kutauni. Mundisiyire, mubwere msika winawo mudzamve."

Mwanayo anandiyang'ana. Ine ndi amene ndinavomera. Ndinkaganiza kuti womasulirayo azingofotokoza kuti apa akuyanika, apa akupeta. Kulakwa kumeneko n'kwanga, sindikukankhira wina.

Msika winawo tinabwera, tinakhala pa benchi lakutsogolo, m'vidiyo tili atatu tokha. Chitseko changa chinatuluka, ndipo nthawi yomweyo mawu anayamba.

"Muno muli milandu. Mkuluyu dzulo wabwera mochedwa, mayi amutsekera kuti asatulukenso."

Mwini vidiyo anali atayamba kale kugwira nthiti. Anathamangitsa mpaka pa phiri paja kuti timve pomwe ankati mpokoma kwambiri. Bambo a ana anga aima, atifulatira.

"Akuyang'ana kuseri kwa phiri, kuli kachibwenzi kake ka ku Mozambiki. Akuti, ndidzere njira iti kuti mayi asandione? Eya, wapeza nzeru. Akusoka thumba loti athawitsiremo mabulangete."

Ndinene zoona, mawuwo anawaika mwaluso, ankagwa pomwe munthu wasuntha. Akanakhala Mtchaina ndikanaseka. Zimenezi zinandibaya pambuyo pake, kuti mwina Atchaina aja timawaseka nawonso ali ndi akazi awo kwinakwake. Koma panthawiyo sindinaganize za Mtchaina. Ndinadzuka, ndinapita pamakina, ndinazula kafulashi kaja ngati ndikuzula chinangwa.

"Amayi, muononga makina."

"Inu mwaononga mwamuna wanga."

"Ndimakuthandizanitu ine. Popanda mawu anthu sakhala. Munthu amalowa muno kuti aseke kapena aone magazi, osati kuonerera mdala akuuma limodzi ndi nandolo wake."

"Mwamuna ameneyu ndakhala naye zaka zonsezi osafuna womasulira. Zomwe mwaikazo zili penanso?"

"Zili m'kompyuta ya mlamu wanga."

"Tiyeni. Akafufute ndikuona."

Tinayenda kudutsa msika wonse, iye patsogolo, ine pambuyo, mwanayo pambuyo panga. Womasulirayo anali bambo wamkulu ndithu, wa ana. Atamva kuti mdala wa m'filimuyo ndi malemu ndipo ine ndine mkazi wawo, anavula chipewa. Anati sanauzidwe. Anafufuta ine ndikuyang'ana, ngakhale sindidziwa kuwerenga za m'kompyuta. Mwanayo ndiye anandigwedezera mutu kuti zapita.

Tili pamsewu kudikira njinga, mwanayo analira.

"Mwaona, amayi? Uku akuti sangamve. Uku awasandutsa chidole. Onse akunena chimodzi. Tiyeni tizisiye."

"Anena ndi amuna awiri," ndinatero. "Wina wa mpango, wina wa machesi. Ndani mwa iwo anafunsapo azakhali ako?"

M'mawa mwake ndinapita kumunda ndekha, ndinagwada pakati pa mizere. Sindinapemphere mokongola ayi. Ndinauza Mulungu mosabisa kuti ndakwiya. Ndinati, Atate, maso munatipatsa tonse, opita kukoleji ndi otsala. Ngati anthuwa akunena zoona kuti ife tinalengedwa kuti tizingoseka, ndionetseni ndikhale chete. Ngati akunama, ndipatseni nyumba ya mdima ndi makina. Nditadzuka ndinapita kwa mkulu wa mpingo kukapempha tchalitchi chathu chakale, chomwe tsopano timaphunzitsiramo ana Lamulungu.

"Filimu m'nyumba ya Mulungu?" anatero. "Muli zotani?"

"Muli mnzanu amene ankaimba belu kuno."

"Zovina mulibe?"

"Mulibe ndi nyimbo yomwe."

"Ndewu?"

"Mulibe."

"Nanga ndi filimu yanji imeneyo?"

"Mudzaone nokha."

Analola. Makina oonetsera pakhoma tinabwereka kwa mlangizi wa zaumoyo, mayi wochokera kumpoto amene amaonetsera anthu za kolera. Anatipatsa ndi batire lomwe. Tinasankha Lachinayi masana, amayi a mpingo akatha mapemphero awo. Ndinatumiza uthenga ku Jenala. Mazenera tinatseka ndi zitenje zathu, pakhoma tinapachika nsalu yoyera yakale ya pa tebulo la mgonero yomwe inasiya kugwiritsidwa ntchito.

Anthu anabwera ambiri kuposa mabenchi. Alamu anga a ku Jenala, mlongo wawo wa malemu, anafika pa njinga ya kabaza, ndinawakhazika kutsogolo. Mng'ono wanga anakhala pambali pawo. Kumbuyo kunali amuna, pakati pawo mnzawo wa malemu amene ankapita nawo limodzi ku Migowi ndi matumba panjinga, bambo wamtali wosamva bwino khutu limodzi.

Mwanayo anaima kutsogolo. "Ndikupempha chinthu chimodzi," anatero. "Filimuyi imafuna bata. Tisayankhule mpaka ithe."

Onse anavomera mwaulemu. Chitseko changa chinatuluka pansalu.

"Si kwa mayi uje uku?" anatero wina.

"Ndi komweko. Chitseko chija anasintha."

"Ndiye atsegula liti?"

"Adikire, munthu akuvala."

Mwanayo anandiyang'ana ngati wamira. Ine ndinayang'ana kutsogolo. Chitseko chinatseguka, bambo anatuluka akukanda mutu. Panali kaphokoso ngati anthu onse apuma nthawi imodzi. Kenako mng'ono wanga anati, mwachizolowezi chake cha m'mawa uliwonse, "Mwadzuka bwanji, alamu." Ena anawapatsa moni m'Chilomwe. Alamu anga a ku Jenala anatambasula dzanja limodzi kuloza kunsalu, n'kulisiya m'mwamba choncho, misozi ikutsika.

Sindikufuna kunama kuti ndipambane mlandu. Si onse anakhala. Amuna ena achinyamata anadikira pang'ono, ataona kuti palibe mfuti anatuluka. Mayi wina anagona mwana ali kubere. Mkulu wa mpingo naye mutu unkagwa n'kudzuka. Otsalawo sanasiye kuyankhula ngakhale pang'ono. Ananena za mbuzi yathu yabanga kuti inali yakuba. Anati malemu ankapuntha nandolo ngati akumupepesa. Nditaoneka ine ndikudutsa ndi ndowa, anati chitenje chimene chija ndinabwereka kwa mng'ono wanga ndipo sindinabweze, zomwe n'zoona. Mwanayo anakhala pansi pafupi ndi makina, mutu pa mawondo.

Ndinamuweramira. "Dzutsa mutu."

"Akuseka, amayi."

"Akucheza nawo. Kuno munthu timamukhalira chete akakhala m'bokosi. Ukufuna tiwaikenso kachiwiri?"

Ndiye panafika paja. Bambo ayanika nandolo pa mphasa zitatu, amusalaza ndi dzanja, aimirira, atifulatira. Phokoso linayamba kutsika lokha, wopanda wouza mnzake. Ndinamva benchi likulira kumbuyo, anthu akusendera kutsogolo.

"Taonani kuphiri," anatero mayi wina motsitsa.

"Chiperoni icho."

"Chatsika kale pakati."

"Nandolo yense ali panja."

Mtambo ukutsika. Bambo aima. Kutauni pamene paja anthu anakhala phee ngati akupemphera. Kwathu amayi anayamba kuyenda pamabenchi ngati akhalira nyerere. Wina anagwira lichero lomwe kunalibe. Mayi wogona uja anadzutsidwa ndi chigongono kuti aone. Bambo aimabe. Mng'ono wanga analephera kupirira, anaimirira, mthunzi wa mutu wake unagwera pansalu.

"Anulani nandoloyo, alamu!"

Palibe anaseka. Ena anamuthandiza. "Anulani, bambo, chafika." "Mayi ali kuti kodi, osadzawathandiza?" Ananditembenukira ine ngati ndili ndi mlandu. Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinkadziwa mmene zinathera, koma mtima unkagunda ngati sindikudziwa.

Pamenepo bambo anakhala pansi, anatenga thumba ndi singano, n'kuyamba kusoka. M'tchalitchi munamveka kubuula.

"Akhala pansi."

"Ulesi uwu kapena chiyani?"

"Anthu a ku Jenala ndi choncho," anatero mng'ono wanga.

Alamu anga, misozi ili m'masaya, anamubwezera pomwepo. "Ku Jenala sitithamanga ndi mtambo uliwonse ngati nkhuku."

Ndiye kumbuyo kunamveka mawu a mnzawo wa malemu uja, okweza monga amayankhulira anthu osamva bwino.

"Inu mukuyang'ana phiri. Iwo sakuyang'ana phiri. Onani utsi."

Tonse tinafunafuna. Pakona pa nsalu, kumanzere, pankaoneka denga la khitchini ya oyandikana nawo, ndipo utsi unkatuluka pamenepo. Sunkabwera kwa ife. Unkapendekera kuphiri.

"Mphepo yatembenuka," anatero bamboyo. "Ikukankhira chiperoni komwe chachokera. Aima nthawi yonseyi kudikira kuti aone ngati utsiwo ukhazikika. Wakhazikika, ndiye akhala pansi. Munthu uyu sankanyamula mphasa kawiri."

"Nanga ukatembenukanso?"

"Dikirani muone."

Tinadikira. Ndikuuzani, m'vidiyo ya pa Migowi sindinaonepo anthu akudikira chipolopolo mmene tinadikirira kamvula kaja. Bambo akusoka. Kuwala pabwalo kunachepa, nandolo anaoneka wotuwa, mayi wina anati, "Basi, wapita." Bambo osadzutsa ndi mutu womwe. Singano ikulowa, ikutuluka. Kenako pang'onopang'ono dzuwa linabwerera, linayamba mphasa yakutali, linafika yapakati, linagwera pamsana pa bambo. Alamu anga anaimba nthungululu imodzi yaitali. Mkulu wa mpingo, amene tsopano anali maso, anati, "Ameni," ngati watseka pemphero.

Filimu itatha palibe anaomba m'manja. Kwathu sitiombera m'manja munthu wogwira ntchito yake. Anangoti mwanayo abwezere pa utsi paja, amene anatsutsa aone bwino. Anabwezera katatu. Kachitatuko ndinaona kuti iyenso wasendera pafupi ndi nsalu, akuyang'ana pakona.

Tikupinda zitenje anandikokera pambali.

"Amayi, inu munkadziwa kuti ababa ankayang'ana mvula?"

"Mvula ndinkadziwa. Za utsi ndamva lero."

"Ine sindinkadziwa chilichonse. Ndinasiya kamera ikuyenda chifukwa kuwala kunali kokongola. Utsiwo ndinkafuna kuudula, unkandisokonezera chithunzi. Pamene aphunzitsi ananena za imfa, ndinakhulupirira."

Ndinamuyang'ana mwana wanga, wobadwira m'nyumba ya chitseko chija, amene sanayanikepo nandolo chifukwa nyengo yokolola inkamupeza ali kusukulu. Sindinaganizepo kuti sakudziwa. Ndinkayesa kuti zimenezi munthu amabadwa nazo.

"Bwanji simunandiuze kutauni kuja?" anafunsa.

"Unandifunsa?"

Anaseka, kuseka kwa bambo ake kotulukira m'mphuno, n'kupita kumbuyo komwe kunali mnzawo wa malemu. Ndinawasiya atakhala pa benchi, iye akukuwira m'khutu labwino lija, bamboyo akujambula ndi chala pafumbi mmene mphepo imazungulirira phiri. Basi ya m'mawa yomwe ankati akwera sanakwere. Anakhala mpaka tinamaliza kupeta, ndipo anapsa manja ndi ndodo yopunthira. Alamu anga anabwerera ku Jenala ndi filimuyo m'foni ya mdzukulu wawo. Akuti amaionera Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi, ndipo pa phiri paja amauzabe mlongo wawo kuti asathamange.

Mphunzitsi wa mpango sindinakumane nayenso. Sindikuti analira monama. Mwina munthu angathe kuona imfa pamene ife tikuona mvula, poti bambowo anapitadi. Chimene ndimakana n'chakuti diso lake ndiye lophunzitsidwa, lathu ayi. Lathu linaphunzitsidwa ndi nandolo wowola. Ndinauza mwanayo kuti akakumana naye akamuonetse utsi, ndipo akamuuze kuti zikomo uja ndabweza.

Ku vidiyo ya pa Migowi ndimapitabe tsiku la msika, benchi langa lomwe lija. Mwini wake nkhani ya kutchalitchi anaimva, poti pa Migowi palibe chobisika. Akandiona pakhomo amachotsa kamtengo pakamwa.

"Afika amayi a nandolo. Lero muli Mtchaina, koma sayanika kanthu."

"Ndi chifukwa chake mumamuikira mawu," ndimatero. "Sendezani mwendo ndidutse."